Makiyi a M'chiuno Mwanga

Nyimbo ija mumaimva m'mabasi ndi m'mashopu, ija ana amaimba akamathawa kusamba, ine ndinailetsa isanabadwe. Ndinaletsa kuilemba, ndinaletsa kukaijambula, ndipo tsiku lojambulalo ndinatsatira mdzukulu wanga mpaka pakhomo pa situdiyo ndikuletsabe. Anthu amati zomwe ndinachita kumeneko ndinachitira dala. Sindinachitire dala. Koma mutandibwezera tsiku lomwelo, pulagi ya magetsi ija ndikhoza kuizulanso, chifukwa inali yotentha.

Mdzukulu wangayo ndimamutcha Kaphokoso. Anabadwa akukuwa ndipo mpaka lero sanaleke. Ndamulera ndekha kuyambira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, pamene nyumba yosanja yomwe tinkakhalamo inapsa. Wa chipinda choyandikana nafe anasiya simbi ili pamagetsi n'kupita kumsika. Utsi utadzaza, kiyi wa chitseko chathu sanaoneke. Ine ndinaswa zenera, ndinakulunga mwanayo m'bulangete n'kudumpha naye. Mayi ake, mwana wanga, anatsala akufufuza kiyi uja pansi pa bedi. Mwendo wanga wakumanzere sunabwerere mwakale, ndipo utsi unamusiyira Kaphokoso mawu osasa. Kuyambira pamenepo makiyi onse a m'nyumba ndimawamanga pachingwe m'chiuno. Ndimagona nawo. Posamba ndimawakoleka pamsomali pomwe dzanja likufika. Nthawi imeneyo analipo khumi ndi anayi.

Dzuwa likamalowa ndimazungulira nyumba. Ndimayambira chitseko chakutsogolo, kenako zenera la pabalaza, zenera la kuchipinda, kabati, chitseko chakumbuyo. Paliponse ndimaima, ndimagwira chogwirira, ndimakoka kamodzi kuti ndione ngati pagwira. Ndikatha pamenepo ndimapita kumakoma. Chilichonse cholowetsedwa mu soketi ndimazula, kaya ndi wailesi, kaya ndi ketulo. Munthu asakunamizeni kuti swichi ndi yokwanira. Zulani.

Ndiye taonani mwano wake wa mwanayu. Ntchito zonse zili pansi pano, iye anakapeza yosita zovala pamalo ochapira. Tsiku lonse simbi ili m'manja.

Nyimboyo anailembera kuseri kwa timapepala tomwe amamata pa zovala za anthu. Madzulo ine ndikamazungulira, iye ankakhala pansi atatsamira khoma, timapepalato tili pabondo, pensulo ikugogoda mwendo wa tebulo. Ndikamufunsa zomwe akulemba, ankati, "Ndi mndandanda wa malaya, agogo."

"Malaya amalembedwa munthu akung'ung'udza?"

"Awa ndi malaya osangalala."

Kochapirako kunkabwera mdala wina woimba gitala, a Nsambo. Malaya anali nawo awiri, ndiye ankabwera pafupipafupi. Anayamba kufika kwathu Loweruka masana ndi gitala yawo yathabwa. M'nyumba sindinawalowetse, ankakhala pakhonde. Ine ndinkamvetsera ndili kuseri kwa katani. Mawu ake enieni Kaphokoso sankawatulutsa, ankangoti la-la-la podziwa kuti ndili pafupi, koma mkangano wawo ndinkaumva.

"Ayi, a Nsambo, pamenepo dikirani. Pali kampata."

"Kampata ka chiyani, mwana iwe? Nyimbo sikhala ndi dzenje pakati."

"Iyi ili nalo."

"Ndaimba zaka makumi anayi, sindinagwerepo m'dzenje."

"Lero mugwera. Tiyeni, kuyambira pamwamba."

Anakangana miyezi iwiri mpaka zala za mdalayo zinazolowera kudikira. Ine ndinamukhazika pansi Kaphokoso n'kumuuza zoona. Oimba sakalamba bwino. Amagona m'mabasi, amamwa madzi osadziwika kochokera, ndipo maikolofoni ili ndi magetsi mkati, tsiku lina idzakugwira pakamwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Agogo, tabwerezani za basi zija," n'kutulutsa kapepala.

Tsiku lina anabwera kunyumba akuvina kuyambira pageti. Mwini situdiyo anali atamva nyimboyo ndipo anaikonda. Lachinayi akajambula.

"Wasaina pepala?" ndinafunsa.

"Ndasaina."

"Unaliwerenga?"

"Ndinawerenga, agogo. Kutsogolo konse."

Ine sukulu sindinapondeko, koma ndikudziwa kuti pepala lili ndi mbali ziwiri. Ndinalitenga n'kukawapatsa a Nsambo pakhonde kuti atembenuze. Anawerenga akusisita chibwano. Kumbuyoko kunalembedwa kuti nyimboyo tsopano ndi ya situdiyo, ndipo mwini situdiyo ndiye asankhe woimba. Akaona kuti mawu a Kaphokoso sakumukomera, akhoza kuipereka kwa wina aliyense.

"Sangayerekeze," anatero Kaphokoso.

"Usapiteko," ndinatero ine.

Lachinayi m'mawa anavala diresi lake lobiriwira. Ine ndinazula zozula, ndinatseka zotseka, n'kumutsatira. Pamalo okwerera basi anacheuka.

"Mukupita kuti, agogo?"

"Kokatenga mtembo wako."

"Ndiye khalani kuzenera, muuone bwino msewu."

Situdiyoyo inali kuseri kwa shopu yogulitsa matayala. Munthu umadutsa m'kanjira kopapatiza, kenako chitseko chochindikala ngati matiresi. Mkati munali zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi galasi lalikulu. Chinthu choyamba chomwe ndinafufuza ndi zenera. Panalibe. Makoma onse anawamata masiponji otuwa, pansi pali kapeti, ndipo pakapetipo mawaya anangoti balala ngati mizu ya mtengo wozulidwa. Pamwamba pa chitseko cholowera m'chipinda choimbira panali babu lofiira.

Mwini wake anali bambo wamimba, wovala magalasi akuda m'nyumba mopanda dzuwa. Onse ankamutcha Bwana Magalasi. Pamakina ojambulira panakhala bambo wina woonda, wadazi, amene zala zake sizinkachoka pa mabatani, ndipo dzina lake linali lomwelo, Mabatani. Ameneyu atangondiona anapendeketsa mutu.

"Pali chinachake chikulira pa agogowa."

"Ndi makiyi anga."

"Tawavulani, agogo, tiwaike mu dirowa. Muno maikolofoni imamva ngakhale nsabwe ikuyenda."

"Ndiye imve. Makiyiwa sachoka pathupi langa."

Bwana Magalasi anaseka. "Akhale uku ndi ife, kuseri kwa galasi. Koma amayi, babu lija likayaka, musagwedezeke, musatsokomole."

"Moto ukabuka mumatulukira pati?"

"Moto sunabukepo muno."

"Kwathunso unali usanabukepo."

Anandikhazika pampando wa pakona. Kaphokoso ndi a Nsambo analowa m'chipinda choimbira, chitseko chinatsekedwa, ndipo ndinaona mdzukulu wanga akuvala mahedifoni, waya ali lende kuchokera kumutu. Ndinayang'ana kumbali.

Kajambulidwe kawo kanali kotere. Woimba ng'oma analibe. M'malo mwake anali ndi kabokosi kakuda, makina a ng'oma, komwe Mabatani analowetsamo kugunda kwa nyimbo yonse. Kabokosiko, gitala ndi mawu zinkalowa pa tepi nthawi imodzi. Wina akalakwitsa, tepi inkabwezedwa m'mbuyo n'kujambula pamwamba pa zakalezo. Babu linayaka. Kabokosi kanayamba: ti, ta, ti, ta, kowongoka ngati asilikali. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva zomwe zinali pa timapepala tija.

"Munati mvula idzandinyowetsa,
yandinyowetsa, ndauma.
Munati msewu umameza ana,
wandilavula, ndilipo.
Tsekani, agogo, tsekani,
ine ndatuluka kale."

Mabatani anandiyang'ana ndi diso lakumbali. Bwana Magalasi mapewa ankagwedezeka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikumusunga wamoyo, iye n'kusonkhanitsa mawu anga onse pa timapepala ta malaya kuti adzandiseketse pamaso pa amuna. Ndinapinda manja.

Koma nyimboyo sinkayenda. Akafika pamalo ena Kaphokoso ankadikira, a Nsambo nawo ankadikira, koma kabokosi sikankadikira munthu. Kankangopitirira, iwo n'kutsalira, kenako n'kumathamangira kuti akapeze.

"Imani!" Bwana Magalasi anadina batani loyankhulira. "Mtsikana, ukuchedwa."

"Sindikuchedwa, bwana. Pali kampata pamenepo."

"Makina salakwitsa. Amene akulakwitsa ndiwe. Tiyeni."

Anabwereza. Anabwerezanso. Ndinasiya kuwerenga atafika kasanu ndi kawiri. Nthawi zonse ankagwa asanafike ndime yomaliza. Mawu ake osasa aja anayamba kukhadzula, thukuta lili kamukamu, ndipo m'chipindamo munalibe mpweya. A Nsambo anayesa kulankhulapo: "Bwana, inenso poyamba ndinkakana, koma dzenjelo lilipodi." Bwana Magalasi anawauza kuti ntchito yawo ndi gitala.

Itakwana nthawi ya chakudya chamasana, Bwana Magalasi anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Tamvera, mtsikana. Folo koloko kukubwera gulu lina. Mawa m'mawa tepi iyi ikupita kodinda chimbale, ithe isathe. Ndamuitana Dona. Tikabwerako kodya, watsala ndi mwayi umodzi. Ukaphonya, ailowa iyeyo."

Dona ameneyu ndi uja wa mawu osalala amene nyimbo zake zinkalira pa wailesi tsiku ndi tsiku.

"Nyimboyi ndi yanga," anatero Kaphokoso.

"Tembenuza pepala."

Onse anatuluka. Kaphokoso anandidutsa osandiyang'ana, nanenso sindinamuyang'ane. Ine zakudya za m'njira sindidya, ndinali ndi buledi wanga m'chikwama. Mabatani anati, "Agogo, musakhudze kalikonse," n'kukoka chitseko.

Sindinakhudze kalikonse kwa nthawi yaitali ndithu. Koma m'chipinda mopanda anthu, magetsi amamveka. Kunali kulira kwina kochepa, kwa ngati udzudzu, kuchokera kukhoma la kuseri kwa mpando wanga. Ndinagwada. Panali soketi, pulagi ili momwemo, ndipo pamwamba pake anamatapo pepala lolembedwa ndi inki yofiira. Ndinaika kumbuyo kwa dzanja pa pulagiyo. Yotentha. Osati yofunda ayi, yotentha. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kutuluka kukadya n'kusiya chinthu chikuphika m'khoma, m'nyumba yopanda zenera, momwe mdzukulu wanga akubwera kudzatsekeredwamo.

Ndinazula. Udzudzu uja unakhala chete. Ndinabwerera pampando n'kudya buledi wanga mtima uli m'malo.

Anabwerako ali ndi Dona, mayi wamtali wa mpango wasilika pakhosi, atanyamula fulasiki yake ya madzi otentha. Anandipatsa moni mwaulemu, zimenezo ndisamunamizire. Mabatani anakhala pampando wake, anadina kabokosi kaja. Zii. Anadinanso. Kenako anatsatira waya ndi maso mpaka kukhoma, ndipo anagwira dazi lake ndi manja onse awiri.

"Wazula ndani?"

"Ine."

"Agogo! Mayo ine, agogo! Kabokosi aka batire lake linafa kalekale. Kakangozima kamaiwala zonse. Masiku awiri ndakhala ndikulowetsa kugunda kumodzikumodzi! Si palembedwa apa? Osazula! Zilembo zikuluzikulu!"

"Zikuluzikulu kapena zing'onozing'ono, kwa ine ndi nyerere zokhazokha. Inali yotentha. Igwireni nokha."

"Imatentha choncho masiku onse!"

"Ndiye muzithokoza kuti mukadali moyo."

Bwana Magalasi sanakuwe. Anafunsa Mabatani ngati zingatheke kubwezeretsa isanakwane folo koloko. Mabatani anaseka kuseka kwa munthu woferedwa. Pamenepo bwanayo anatembenukira kwa Kaphokoso.

"Tenga agogo akowa muzipita."

Ine ndinanyamuka msanga, chifukwa ndi zomwe ndinkafuna kuyambira m'mawa. Ndinayenda kulunjika kuchitseko, makiyi akulira m'chiuno monga mwa masiku onse. Ndinagwira chogwirira, ndinakoka. Kaphokoso sanasunthe.

"Bwana, munati ndatsala ndi mwayi umodzi."

"Ng'oma palibe."

"Simunati mwayi wa ndi makina. Munati umodzi. Anthu onsewa anamva." Kenako analoza ine. "Ng'oma yanga ndi iyo ikutulukayo. Nyimboyi ndinailembera pa mayendedwe awo. Phazi, makiyi, kukoka mwendo, kenako amaima kuyesa loko. Kampata kaja ndi kameneko. A Nsambo, mwamva?"

A Nsambo anali atatsegula pakamwa. "Agogo, tayendaninso pang'ono."

"Sindine hatchi ya pachionetsero."

"Miyezi iwiri ndikugwera m'dzenje," anatero mdalayo, "osadziwa kuti mwini dzenje ali kuseri kwa katani."

Bwana Magalasi anayang'ana wotchi. Analibe china choti ajambule. Anakweza chala chimodzi. "Kamodzi."

Kaphokoso anabwera pafupi nane. "Agogo, mulowe nane."

"M'menemo? Mopanda zenera, chitseko chotseka? Kuti ndikuthandize kunditukwana?"

"Inde."

"Wapenga."

"Mukakana, ndilowa ndekha. Ndiphonya, Dona aimba, ndipo dziko lonse lidzamva mawu anu akutuluka m'kamwa mwa munthu amene simunamusambitsepo."

Ndinayang'ana Dona. Anali kumwa madzi ake, maso ali pansi. Ndinayang'ana chitseko chochindikala chija. M'mphuno ndinkamva utsi womwe panalibe. Ndinauza Mabatani kuti mahedifoni sindivala, waya sundikhudza, ndipo aime pafupi ndi chitseko dzanja lili pachogwirira.

"Nanga mabatani adina ndani?"

"Bwana wanuyo alibe manja? Pachitsekopo aime ndi iyeyo."

Ndipo Bwana Magalasi anaimadi, mimba yake itatsamira chitseko. Mabatani anatsitsa maikolofoni imodzi kufika m'chiuno mwanga, anakankhira mawaya pakati kuti m'mbali mwa makoma mukhale njira. Chitseko chinatsekedwa. Phokoso lonse la dziko linazimiririka, ndinangomva mtima wanga. Babu lofiira linayaka, ndipo ine ndinauma ngati chitsa.

"Agogo," Kaphokoso ananong'ona, "dzuwa lalowa. Nyumba iyi simunaizungulire."

Mwano wake umenewo. Koma zinali zoona, sindinaizungulire. Ndinaponda. Ngwe, ngwe-ngwere. Ndinafika pakhoma, ndinagwira siponji, ndinakoka kuti ndione ngati kuseri kwake kuli zenera. Panalibe. Ndinapita patsogolo. Ngwe, ngwe-ngwere, kuima, kukoka. Gitala ya a Nsambo inalowa pansi pa mapazi anga ngati kuti inkandidikira. Kenako mawu a mwana uja.

Sanachedwe, sanathamange. Ine ndikaima, iye ankapuma. Ndikakoka mwendo, mawu ake osasa ankakokeka nawo. Mvula inamunyowetsa, msewu unamulavula, basi inamugoneka, madzi osadziwika anamwa. Chilichonse chomwe ndinamuuzapo chinali momwemo, ndipo chilichonse anachiyankha. Ndinkayenda ndili wokwiya, ndipo ndikamakwiya ndimaponda mwamphamvu. Mukamvetsera bwino chimbalecho, pa "Tsekani, agogo" yachiwiri makiyi akulira kwambiri. Ndi mkwiyo umenewo.

Ndinali pakhoma lachitatu pamene anafika ndime yomaliza, ija sanaifikepo m'mawa wonse.

"Ndani anaswa zenera?
Ndani anadumpha nane?
Mwendo wanu ukudziwa.
Kutuluka munandiphunzitsa ndinu."

Ndinaima. Sikunali kuima koyesa loko ayi, miyendo inangokana. Makiyi anati zii, gitala inati zii, Kaphokoso anandiyang'ana pakamwa pali potsegula, osatulutsa mawu. Achinyamata a masiku ano amati malo amenewo ndi nzeru za wojambula, akuti anawerengera bwino. Palibe anawerengera. Ndi nkhalamba yomwe inaiwala kuyenda.

Kenako ndinaona kuti khoma lachinayi sindinaliyese. Ndinaponda. Ngwe, ngwe-ngwere. Iye anakuwa "Tsekani, agogo, tsekani" ndi mawu onse omwe anatsala nawo, ine n'kumalizira pachitseko. Ndinagwira chogwirira, ndinakoka. Gu! Kumeneko ndiye kutha kwa nyimboyo.

Babu linazima. Ndinatuluka n'kukhala pampando wanga.

Mabatani anabweza tepi, tonse tinamvetsera pa masipika. Itatha, Bwana Magalasi anakanda pamphuno.

"Makiyiwo ali bwino," anatero. "Makiyiwo ndi nkhani. Koma mawu ndi okhakhala, ndipo pakati paja pali chibowo choti galimoto ikhoza kudutsa. Nthawi ikadalipo pang'ono. Amayi, muyendenso kamodzi chimodzimodzi, koma osaima paja. Dona, lowa."

Kaphokoso anatsegula pakamwa, koma mawu anali atamuthera, munangotuluka mpweya. Anayang'ana pepala lomwe linali patebulo la bwanayo. Ine ndinakhazikika bwino pampando.

"Bambo, pepala lanulo likuti chiyani za mwendo wanga?"

"Amayi, pepalali ndi la nyimbo."

"Tembenuzani. Mwina zili kumbuyo."

A Nsambo anatsamwa ndi kuseka.

"Amayi, musavute. Ndi mphindi zitatu zokha."

"Nyimbo ndi yanu, mwana anasaina, ndinamuuza sanamve. Koma mwendo uwu sunasaine. Ndinauthyolera mwana mmodzi, ndipo uyendera yemweyo."

"Ndiye tibwerekeni makiyiwo."

"Bwerani mudzawamasule."

Sanabwere. M'malo mwake anasonkhanitsa makiyi a aliyense, ake, a galimoto ya Dona, a shopu ya matayala, n'kuwamanga pa lamba wa Mabatani. Anamulowetsa m'chipinda muja kuti azitsimphina. Mabatani anayesetsa, mwana wa eni ake. Anakoka mwendo wakumanja, anasintha n'kukoka wakumanzere, dazi likunyezimira. Zinkamveka ngati galu wothawa ndi unyolo. A Nsambo anaika gitala pansi n'kunena kuti zala zawo sizidziwa kutsatira bodza.

Dona anatseka fulasiki yake. "Bwana, ine ndimaimba zowongoka. Iyi ndikaiwongola ifa. Isiyeni kwa eni ake." Podutsa pamene panali Kaphokoso anamuuza kuti, "Usamwe zozizira lero, mng'ono wanga." Chimenecho ndi chinthu chokhacho chanzeru chomwe ndinamva m'nyumba imeneyo.

Kunja kunamveka kugogoda. Gulu la folo koloko linali litafika ndi ng'oma zawo. Bwana Magalasi anayang'ana tepi, anayang'ana ine, ine ndinamuyang'ananso m'magalasi mwake momwemo. Anatenga cholembera n'kulemba pabokosi la tepiyo. Ndinakoka malaya a a Nsambo.

"Walemba dzina la ndani?"

"La mdzukulu wanu."

"Kumbuyo kulibe china?"

Anatembenuza bokosilo. "Kulibe."

Pobwerera tinakwera basi. Ndinamuuza kuti atseke zenera, mphepo imulowa pakhosi. Sanatseke. Ndinamuuza kuti ndime yoyamba ija ndi yamwano ndipo anthu adzati sindinamulere bwino. Anagwedeza mutu kuvomera. Za ndime yomaliza sindinanenepo kanthu, ndipo mpaka lero sitinakambirane.

Titafika pakhomo ndinamasula chingwe cha m'chiuno, koyamba pamaso pa munthu. Mfundo yake inali italimba, ndinachita kuiluma ndi mano. Ndinachotsa kiyi wa chitseko chakutsogolo, uja wachiwiri amene ndinkasunga kuti mwina woyamba n'kuthyoka, n'kumuika m'dzanja lake.

"Oimba amabwera mochedwa," ndinatero. "Sindifuna kumagogodedwa."

N'chifukwa chake onse amene ayesa kuijambulanso nyimboyo amalephera. Ena anabwera mpaka kunyumba kuno ndi makina awo kudzandipempha kuti ndiwayendere, ndinawabweza pageti. Ngakhale nditavomera sizingamveke chimodzimodzi, pachingwe panatsala khumi ndi atatu.

Wachikhumi ndi chinayiwo ali ndi Kaphokoso, amayenda naye m'mabasi ake. Ndinamuuza kuti asamamuike m'chikwama, zikwama amatsomphola. Asamamuike m'thumba la diresi, matumba amabooka. Amumange pachingwe, chingwecho m'chiuno, mfundo ziwiri. Iye amamuvala pakhosi, poonekera, pomwe wakuba aliyense angamuone.